Kukaona mbalame pa damu ndi kudambo: mmene ndimachitira ine kuno ku Mulanje

Pa legeni ine ndinali katswiri, ndisaname. Tili ana kuseri kwa Chitakale uku, tikaweruka kusukulu tinkangoponya makope pakhonde nkuthamangira kudambo, matumba a kabudula atadzaza timiyala, wina atanyamula ulimbo, ndipo pumbwa kaya njiwa ikangotera pafupi imeneyo inali ndiwo basi. Nde anzanga amene tinkasaka limodzi aja akandipeza lero nditakhala pachulu mbandakucha ndi kope m'manja, kumangoyang'ana tchete akuluka chisa osamugenda, amaseka mpaka misozi, amati aise ukalamba wakupeza msanga iwe. Koma omwewo angapo anayamba kundikokera pambali nkumafunsa kuti kodi zimenezi munthu amayamba bwanji, zimadya ndalama zingati, nde ndati ndingofotokoza kamodzi.

Za ndalamazo tithane nazo pompano: poyamba sizifuna kalikonse. Anthu akamva zoonera mbalame amaganiza za azungu aja amabwera ku Likhubula ndi makamera aatali ngati mtondo, nkumati mpaka ukwere Sapitwa. Ayi ndithu. Sapitwa ndi mamita 3,002, kumwambako kuli miyala, mphepo ndi akhungubwe amene amangodikira kuti utembenuke akubere buledi, mbalame zochuluka zili pansi pompano pamene timadutsa tsiku ndi tsiku osayang'ana. Funani malo amene madzi, udzu ndi mitengo zakumana pamodzi. Madamu a m'maesiteti a tiyi kuno ndi ku Thyolo ndiye nambala wani, chifukwa ambiri ali ndi bango m'mbali, kakombo pamadzi komanso kankhalango kotsala m'khwawa kumtunda kwake. Ngati kwanuko kulibe damu, dambo la madimba lomwe lija ndi lokwana, maiwe a nsomba a makalabu ajanso ndi abwino zedi, kapena pamene mtsinje ngati Thuchila, Likhubula kaya Ruo wayenda mwaulesi nkusiya timaiwe. Sankhani amodzi amene mungafike wapansi kapena pa kabaza wotchipa, chifukwa chinsinsi chake nkubwerera pamalo omwewo kambirimbiri mpaka muwadziwe ngati khonde lanu. Malo akutali mupitako kamodzi nkugwa ulesi.

Musanapite, kapempheni. Ichi musachitenge mwachibwana. Damu la esiteti ndi malo a eni, kuli alonda, ndipo mlonda akakuonani mukuzemberazembera m'bango 5 koloko m'mawa sangaganize za mbalame, aganiza ukonde kapena nkhuni. Ine zinandionekera pa esiteti ina, anandigwira bwinobwino nkundikhazika pansi pa geti, ndinachita kutulutsa kope nkuwaonetsa zojambulajambula zanga za nantchengwa mpaka bamboyo anayamba kuseka, nkuti "achimwene, ndiye mwadzukira zimenezi?" Panopa ndi mnzanga, amachita kundiuza kuti sabata ino abakha akutchire abwera angati. Koma kulakwa kunali kwanga, ndikanayamba ndapita ku ofesi masana. Kumudzi nakonso pitani kwa amfumu kapena mwini dimba, nenani dzina, kwanu, ndi chimene mukufuna. Ife a kuno tikukumbuka bwino mphekesera za anamapopa za mu 2017 mmene zinavutira ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, anthu osalakwa anataya miyoyo chifukwa chongokhala achilendo pamalo. Munthu wosadziwika, mdima usanathe, chinthu chakuda chili m'khosi, mukuona nokha. Pitani ndi mwana wa pamudzi pomwepo, ndipo amene wafunsa mpatseni ayang'anemo yekha m'mabainokyulamo, magalasi oonera patali aja, nkhani imathera pomwepo ndipo mawa lake amabwera ndi mnzake.

Nthawi yake ndi m'mawa, palibe kunyengerera. Miyezi yotentha ija, Okutobala ndi Novembala, dzuwa limatuluka cha m'ma 5 koloko ndiye muzikhala mutafika kale, nthawi yozizira ya Juni ndi Julayi mutha kufika cha m'ma 6. Ikamakwana 9 zambiri zakhuta, zalowa m'mithunzi, mungoona akhwangwala. Madzulo kuyambira cha m'ma 4 ziliponso bwino makamaka ngati mukufuna kuona akakowa akubwera m'magulumagulu kudzagona pa mtengo umodzi mpaka mtengo wonse kuyera mbee. Tsiku la chiperoni, kaja kamvula kowaza ndi nkhungu kamene kamatha masiku atatu osakata, gonani ndithu, simuona kanthu ndipo mungotengako chimfine. Koma m'mawa woyamba chiperoni chikangotha, eee, thamangani, chilichonse chimatuluka kudzaothera dzuwa.

Zovala valani zosawala, zobiriwira, zakhaki, zotuwa. Malaya oyera kapena jezi yofiira ya timu yanu ija siyani kunyumba. Thalauza lalitali ndi majombo kapena nsapato zotseka, chifukwa mame a m'dambo amanyowetsa mpaka m'mawondo komanso pali zina ndinena kutsogoloku. Tengani kope ndi pensulo, osati bolopeni, pepala likanyowa bolopeni imakana. Tiyi mu flasiki, mbatata yootcha kaya chinangwa, basi.

Mabainokyula mukawapeza ndi bwino koma musadikire amenewo. Ine chaka chonse choyamba ndinkaona ndi maso okha. Mukafuna kugula, pa thupi pake pamalembedwa manambala ngati 8x42, 8 akutanthauza kuti chinthu chikula ka 8, pamene 42 ndi kukula kwa galasi lakutsogolo m'mamilimita. Amenewo kapena 8x32 ndi okwana. Musanyengeke ndi a manambala akuluakulu aja ogulitsa amati awa ndiye amphamvu bwana, dzanja likangonjenjemera pang'ono chithunzi chonse chimavina ndipo kambalame simukapeza. Ogula pa kaunjika ku Limbe yesani kaye pompo: yang'anani pholo la magetsi lakutali, mukaona mapholo awiri pamene pali limodzi asiyeni, amenewo anagwapo pansi ndipo azikupweteketsani mutu. Powatchera, tsinzinani diso lamanja nkuzunguza kagudumu kapakati mpaka kumanzere kuoneke bwino, kenako tsinzinani lamanzere nkuzunguza kamkombero kali pa diso lamanja, mukatero mwamaliza, kuyambira apo muzingogwira kapakati kokha. Ndiye cholakwa cha aliyense woyamba: waona mbalame, wayang'ana pansi kufuna mabainokyula, pobwerera mbalame yasowa. Maso asachoke pa mbalame, manja okha ndiwo abweretse magalasi kumaso. Chinanso, chinyontho cha kuno chimameretsa chuku mkati mwa magalasi, nde timapaketi tija timapezeka m'bokosi la nsapato zatsopano musataye, ikani m'chikwama chake.

Tsopano ntchito yeniyeni, imene anthu ambiri imawakanika, ndi kukhala pansi. Mukafika musayambe kuzungulira damu ngati mukusaka mbuzi yosowa. Pezani poti mukhale, chulu, chitsa, tsinde la mtengo loti mutsamire kuti thupi lanu lisaonekere pamtunda, dzuwa likhale kumsana kwanu osati kumaso, chifukwa mukayang'anizana nalo mbalame iliyonse imaoneka yakuda. Foni ikhale pa sailenti. Ndiye khalani phee. Mphindi 10 zoyambirira muona ngati mwabwera pachabe, zonse zinakuonani kalekale mukubwera ndipo zabisala, apa ndi pamene ambiri amadzuka nkumati palibe kanthu apa. Pirirani mpaka mphindi 20. Dambo limakuiwalani, ndipo limayamba kutulutsa anthu ake mmodzimmodzi.

Pa damu langa lija woyamba kutuluka amakhala kankhuku kakuda bii ka m'bango, miyendo yofiira, mlomo wachikasu, m'mabuku amati black crake. Kamasuzumira kaye, kubwerera, kusuzumiranso, kenako nkuyamba kuyenda m'mphepete mwa matope kakugwedeza kamchira. Kenako nantchengwa amatera. Ameneyu ndimatha kumuonera ola lathunthu osatopa. Mbalame yofiirira ngati dothi, mutu ngati nyundo, imalowa m'madzi osaya nkumapalasa matope ndi phazi limodzi pang'onopang'ono ngati munthu akufufuza sopo wagwera mumtsinje, chule kaya mbululu ikangodzidzimuka, khapu, yagwidwa, nthawi zina amayamba waitsukuluza m'madzi asanameze. Chisa chake ndiye nyumba yeniyeni, pa mphanda ya mtengo, chachikulu moti munthu wamkulu atha kuimapo osagumuka, khomo lake kabowo kakang'ono cham'munsi komata ndi matope, ndipo amamanga awiri mwamuna ndi mkazi kwa masabata angapo. Cha pa damu pathu ndinachiyang'ana bwino tsiku lina, muli timitengo, mapesi, majumbo, sanza ya chitenje, mpaka patapata wa mwana. Agogo ankatiopseza kuti ukapasula chisa cha nantchengwa uchita misala, ndipo kunena zoona m'gulu lathu lonse la malegeni lija palibe ndi mmodzi yemwe anayerekeza.

Pa masamba a kakombo yang'anani mbalame yofiirira ya khosi loyera ndi chipumi chabuluu, zala zake zitalizitali ngati za kangaude, imayenda pamwamba pa masamba osamira, dzina la m'mabuku ndi jacana. Imeneyi nkhani yake azimayi amaikonda: yaikazi ndiyo yaikulu, imakhala ndi amuna angapo, ikaikira mazira imachoka, wofungatira ndi kulera ndi bambo. Mukadzaona ina ili ndi timiyendo tambirimbiri tikulendewera pansi pa mapiko musati ndi malodza, ndi bambo wanyamula ana kuthawa nawo. Pa chitsa chili pakati pa madzi pamakhala mphipi itayanika mapiko, pa bango lopendekera pamakhala kambalame kabuluu kowala ka mlomo wofiira kodikira tinsomba, malachite kingfisher, kakauluka mumangoona ngati wina waponya mkanda wabuluu pamwamba pa madzi. Mnzake wamawanga oyera ndi akuda uja amaima m'malere malo amodzi akukupiza mapiko kenako nkudziponya chamutu. Nkhwazi imabwera mwa apo ndi apo pa madamu akuluakulu, mudzayamba kuimva musanaione.

Atchete ndiye musawaderere poti ndi ochuluka. Nyengo ya mvula khalani pansi pa mtengo umene amangapo zisa zolendewera pamadzi muone ntchito. Wamwamuna amang'amba udzu wauwisi kutalika kwake, amayamba ndi kamphete, nkumaluka ndi mlomo phazi litapanikiza, akamaliza amalendewera chadodolido pansi pa chisa nkumakupiza mapiko akulira kuitana mkazi. Mkazi amabwera, kulowa, kukokakoka udzu mkatimo, akapanda kukhutira amangouluka osatsanzika. Chisa chikauma osapeza mwini, bambo uja amachiphwasula yekha nkuyambiranso. Ine ndinawerenga zisa zinayi za tchete mmodzi zitagwera m'madzi mwezi umodzi, ndinamumvera chisoni ngati m'bale wanga.

Mukaona mbalame yoti ndi yachilendo kwa inu musathamangire foni kapena buku, ithawa mukadali kutsegula. Iyang'aneni mpaka ichoke yokha, kenako lembani. Kukula kwake yerekezani ndi zimene mukuzidziwa kale: ngati mpheta, ngati pumbwa, ngati njiwa, ngati khwangwala, ngati nkhanga. Mlomo wautali kapena waufupi, wokhota kapena woongoka, wonenepa ngati wa zodya mbewu kapena wosongoka ngati wa zodya tizilombo. Miyendo mtundu wanji, mchira wotani, inali pati, pansi, pa bango, m'madzi, ndipo imatani. Mtundu wa nthenga ndi womaliza chifukwa umanamiza, kuwala kukasintha nawonso umasintha. Kulira kwake lembani mmene khutu lanu lamvera m'Chichewa momwemo, olo zioneke zoseketsa. Jambulani olo simudziwa kujambula, dzira limodzi thupi, lina laling'ono mutu, timizere miyendo. Mukafika kunyumba ndiye fufuzani. Pa foni pali apu yaulere ya Merlin, ikani pamene muli ndi bandulo yokwana kuti izigwira ntchito popanda netiweki, imathandiza koma musaikhulupirire ngati m'busa, makamaka pa zomvera kulira imaphonya kwambiri mbalame zathu za kuno. Ndipo funsani achikulire. Agogo a kumudzi amadziwa mayina a Chimang'anja ndi Chilhomwe amene mu foni mulibe, amadziwanso kuti iyi ikalira mvula yayandikira. Ine tsamba lililonse ndimalemba mayina awiri, la agogo ndi la m'buku. Malawi yense ali ndi mitundu ya mbalame pafupifupi 650, nde musadzipanikize, mukadziwa 30 ya pa dambo lanu mwayamba bwino.

Ku udzu wa dambo nyengo yabwino ndi Disembala mpaka Malichi. Timbalame tina timene chilimwe chonse timaoneka totuwa ngati mpheta wamba timasintha zovala, tina kufiira ngati moto ndi kukuda pamimba nkumadzitukumula pamwamba pa bango, tina kumera mchira wautali wakuda woti pouluka umachita kulemera. Atimba amalira pamwamba pa udzu, nkhwali zimalira m'mbali mwa minda, akakowa amatsata ng'ombe kudikira ziwala zodzidzimuka, mnthengu uli pa nthambi youma kuthamangitsa kabawi wamkulu kuuposa kakhumi. Anamzeze ambiri amene mumawaona atandandalika pa mawaya miyezi imeneyi ndi alendo, amachokera ku Ulaya ndi ku Asia, amafika cha mu Okutobala nkubwerera cha mu Epulo, kanthu kolemera magalamu 20 okha. Ine pasipoti ndilibe mpaka lero.

Maso asamangokhala m'mwamba. Pa matope a m'mphepete m'mawa pamakhala nkhani yonse ya usiku, mapazi a gwape, a ng'azi ndi mzere wa mchira wake pakati, ndipo pa mwala wosalala mukapeza ndowe zodzaza zikamba za nkhanu zophwanyika dziwani kuti pali katumbu. Kumuona mwini wakeyo nkovuta, ine zaka zonsezi ndamuona kawiri, kamutu kokha kakudula madzi kusanayere bwino. Atombolombo amayamba dzuwa likatentha pamene mbalame zikuchepa, ndiye mutha kuwonjezera ola lina. M'mitengo ya m'khwawa mumadutsa apusi, kufupi ndi phiri nchima. Anadzikambe musawaope, alibe ululu uliwonse, ndipo mwina simudziwa kuti m'nkhalango za phiri lathuli muli mtundu wina umene asayansi anautcha Nadzikambia mlanjensis, dzina lochokera ku mawu athu omwewa ndi phiri lomweli.

Zoopa zilipo. M'madzi odikha a damu ndi maiwe musalowemo olo kutenthe bwanji, muli nkhono za likodzo, misundu ndiye osanena. Mphiri sithawa munthu, imangogona pa kanjira kuothera dzuwa, nchifukwa chake ndinati nsapato zotseka, ndipo yang'anani musanakhale komanso musanaponde kuseri kwa chipika. Mukabwerako fufuzani nkhupakupa m'miyendo. M'mitsinje yochokera kuphiri samalani nthawi ya mvula, kumtunda ikagwa madzi amabwera mwadzidzidzi pansi pano kuli dzuwa, ndipo chidutsireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 makwawa ambiri anasintha, magombe ena ndi ogumukagumuka. Ku Dziwe la Nkhalamba kukongola konse kuja madzi ake ndi ozizira komanso akuya, anthu amamirako, kaoneni timbalame ta mchira wogwedera pa miyala nkubwerako.

Linthumbu ndiye lili pawiri. Mukakhala pa mzere wake muvula thalauza pagulu, zinandichitikira, sindionjezera. Koma tsiku limene mudzafune kukwera giredi nkulowa m'nkhalango yeniyeni, linthumbu lomwelo ndi mnzanu. Kuli mbalame ina yotchedwa ndi dzina la boma la Thyolo, Thyolo alethe, mabuku akale amalemba Cholo, yofiirira kumsana, kukhosi koyera, imakhala pansi mumdima wa nkhalango ndipo imatsata linthumbu kuti izitola tizilombo tothawa. Padziko lonse imapezeka m'mapiri ochepa a kum'mwera kwa Malawi ndi kumpoto kwa Mozambique, monga Namuli, Mabu ndi Chiperone, phiri lomwe lija linapatsa dzina chiperoni chathuchi. Ili pa mndandanda wa mbalame zimene zili pa chiopsezo cha kutha, chifukwa nkhalango ya phiri la Thyolo inadulidwa pafupifupi yonse nkusanduka minda, zotsala ndi tizigawo ta m'maesiteti monga ku Satemwa, ndi kuno cha ku Ruo. Alendo amalipira ndege kuchokera kutali kudzafuna imeneyi, pamodzi ndi kena ka khosi lachikasu, yellow-throated apalis, kamene kwina kulikonse kulibe koma ku Mulanje, Zomba ndi Malosa basi. Kumeneko musapite nokha, tengani gaidi wodziwa, ku Likhubula alipo, ndipo mukapeza linthumbu imani chapatali nkudikira. Ine ndinapita katatu, kachitatuko ndi pamene ndinaiona, mwina masekondi asanu, itatera pa muzu nkundiyang'ana ndi diso limodzi. Maulendo awiri olephera aja sindinadandaule, nkhulukulu zinali zikudumphadumpha m'nthambi, zikatambasula mapiko kufiira kuja ngati wina wayatsa machesi m'masamba.

Mukamapita ndi anzanu musapose anayi, ndipo wolongolola uja muuzeni za mpira mukakambirana pobwerera. Poonetsana musaloze ndi mkono wonse, nenani chapansipansi kuti mtengo wa mkuyu, nthambi yakumanzere, chapakati. Ana a malegeni atengeni, maso awo ndi akuthwa kuposa mabainokyula anga, amaona chisa pamene ine ndikuona masamba okhaokha, kungoti legeni izitsala kunyumba ndipo chisa akakuonetsani musachigwire kapena kusadzula masamba ochibisa kuti mujambule bwino, mukachoka khwangwala amene amakuonererani uja amadzamaliza mazira. Zoliza kulira kwa mbalame pa foni kuti ibwere pafupi ine sindizikonda, imasiya mazira nkumalimbana ndi mdani woti kulibe.

Kamnyamata kena ka sitandade 6 kamene ndimayenda nako masiku ano kanandiuza Lamulungu lapitali kuti nantchengwa wathu wayamba kututa timitengo kupita pa mkuyu wina kutsidya, ndipo pa khomo la chisa chakale chija kanaona nkhope yoyera ikusuzumira chakumadzulo. Akadzidzi amachitadi zimenezo, kulanda nyumba ya nantchengwa. Loweruka tikakhala pachulu paja kuyambira 5 koloko madzulo mpaka mdima, ndawauza kale alonda komanso mayi ake a mwanayo, amene poyamba anakana atamva kuti tikukadikira kadzidzi.